Funsani Amakaniko: Thirakitala yotchipa ya kunja, kapena ya dzina lodziwika?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani ya mathirakitala. Tasankhapo anayi, ndipo awayankha ndi amakaniko a makina aulimi a kuno ku Lilongwe.

FUNSO: Ndili ndi munda wa mahekitala 20 cha ku Mitundu, momwe ndimalima chimanga, soya ndi mtedza. Ndatopa ndi thirakitala yahayala, imene imafika anzanga atabzala kale. Pa foni ndaona yatsopano ya ku China ya 70 hp (horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini), mtengo wake theka la Massey Ferguson kapena John Deere ya kwa ogulitsa a m'tauni muno. Kodi ndiitanitse? — Mlimi, Mitundu

YANKHO: Bambo, mtengo mwauona pa foniwo si umene mudzakhale mutalipira thirakitala ikamadzalowa m'munda mwanu. Kawirikawiri amalemba mtengo wa FOB, kutanthauza kuti wogulitsa amangoikweza m'sitima pa doko la kwawo, basi. Ulendo wa sitima mpaka ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala ndi wanu. Zolipira padoko, wokuombolerani katundu, lole yodzadutsa pa Songwe, Dedza kapena Mwanza, mapepala a MRA, zonsezo n'zanu. Nthawi zambiri thirakitala imabwera m'bokosi, matayala atamasulidwa, ndiye pafunikanso woimanga. Ndipo zambiri mwa zolipirazi ndi za madola. Amene anali ndi katundu panjira mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akudziwa mmene masamu amasinthira usiku umodzi. Muuzeni wogulitsa alembe mtengo wofikitsa pa Lilongwe, mukafunsenso ku MRA za msonkho wa thirakitala ndi wa pulawo musanatumize ndi tambala yomwe. Muona theka lija likukwera.

Dziko lokha lisakuopseni, lisakukopeninso. Ku China kuli mafakitale akuluakulu monga YTO ndi Lovol amene mathirakitala awo amagwira ntchito ndithu. Nawonso a mayina odziwikawa ambiri sachokera ku Ulaya: Massey Ferguson (MF) 240, 375 ndi 385 zatsopano zambiri zimapangidwa ndi Millat ku Lahore m'dziko la Pakistan, ndipo John Deere zambiri za 5E zimachokera ku Pune, ku India. Zoopsa ndi zija zopanda mwini weniweni, zimene kafakitale kamagula injini uku, giyabokosi uko, n'kumata dzina pa boneti. Chaka chamawa dzina lomwelo limabwera ndi injini ina, fyuluta ina, kilatchi ina. Mukaitanitsa sipeya potchula dzina la pa boneti, imafika yosalowa.

Pali kamuyeso ka tsiku limodzi kamene timakakhulupirira kuposa kabuku kalikonse kotsatsira malonda. Wogulitsa akutumizireni chithunzi cha kachitsulo kolembedwa nambala ya injini, pamodzi ndi buku la masipeya. Akayamba kuzengereza, nkhani yathera pomwepo. Akatumiza, tengani nambalayo muyende nayo m'mashopu a masipeya a ku Malangalanga ndi ku Kanengo, muzifunsa fyuluta ya oyilo, fyuluta ya dizilo, fanibeluti, pampu ya madzi, mbale ya kilatchi, sitata, manozo (opopera dizilo mu injini) ndi masilo a hayidiroliki. Osafunsa kuti "mungazipeze?" pakuti aliyense avomera. Nenani kuti "tandionetsani." Za Massey ya injini ya Perkins akutsitsirani pa shelefu, zenizeni ndi zongofanizira zomwe, mitengo iwiri kapena itatu. Za inayo mukangopezapo ziwiri pa zisanu ndi zitatuzi, dziwani kuti tsiku limene kilatchi idzapse, thirakitala idzagona pansi pa mtengo wa mango kudikira kaphukusi kochokera kutsidya la nyanja. Kilatchitu siipsa mu Epulo. Imapsa mu Okutobala ndi Novembala, nthaka ili gwa, dalaivala akuipondaponda kuti azule pulawo yomwe yakanirira mu katondo wouma. Milungu itatu yogona nthawi imeneyo ndi yomweyo munkaithawa kwa wahayala uja.

Tsono za 70 hp. Nambala imeneyi nthawi zambiri ndi ya injini payokha. Pofika ku shafiti ya PTO kumbuyo, imene imazunguza makina ena olumikizidwa ku thirakitala, mphamvuyo imakhala itachepa ndi pafupifupi 15 peresenti. Komanso Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, ndipo injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya mu injini) imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse chifukwa mpweya umapepuka. Apa gawo limodzi mwa magawo khumi lapita kale. Koma chachikulu ndi kulemera, chifukwa thirakitala imakoka ndi thupi lake. Zotchipa zambiri ndi injini yaikulu yoikidwa pa thupi la thirakitala ya 45 kapena 50 hp, ekiselo yowonda, matayala aang'ono. Pulawo ya madisiki atatu ikazama masentimita 20 m'dothi louma, matayala amangopalasa pamodzimodzi dizilo akutha. Izi mungazione muli pakhonde, pa pepala la wogulitsa lomwelo. MF 385 imavala tayala la saizi 18.4-30 kumbuyo, MF 375 imavala 16.9-30. Yotchedwa 70 hp ikapezeka yavala 12.4-28, lomwe ndi tayala la MF 240 ya 50 hp, mwaudziwa msinkhu wake weniweni. Onaninso mapini a mikono yonyamulira pulawo: a Category 2 ndi a mamilimita 28, a Category 1 ndi a mamilimita 22, ndipo mapulawo ndi marija (okwezera mizere) aakulu amafuna Category 2. PTO ikhale yozungulira ka 540 pa mphindi, ya mano 6, kuti makina opukusira chimanga ndi ena a kuno alowe popanda kuwotcherera.

Werenganinso maola. Pulawo ya madisiki atatu imatha hekitala pa maola pafupifupi atatu, ikumwa malita 20 mpaka 25 a dizilo. Onjezani ola ndi theka la harrow (yophwanyira zibuma), ola ndi theka linanso la rija. Mahekitala anu 20 ndi maola 120 okha pa chaka. Mukaphatikiza kututa ndi thirela, mwina 200, omwe ndi masiku 25 a maola 8. Thirakitala siingabweze ndalama ndi masiku 25. Mufune musafune mudzalimiranso anzanu, n'kumanyamula fodya, njerwa ndi mchenga m'chilimwe. Hayala ndi imene imaphwanya makina, pakuti mumalowa m'minda ya eni ya zitsa zobisika ndi zulu zolimba ngati simenti. Pa ntchito yotere ife tikanatenga Massey wamba ya 75 kapena 85 hp, yopanda zamakompyuta, ngakhale yogwirapo kale ntchito. Yotchipayo tingaivomere ngati ili ya fakitale yodziwika, wogulitsa wake ali ndi shopu ndi galaja kuno ku Malawi, waranti yalembedwa, ndipo angakulozereni mlimi amene wailimira nyengo zitatu kuti mukamufunse nokha. Yoitanitsa pa foni kwa munthu amene simudzamuona, ayi.

FUNSO: Ndimagwira ntchito m'tauni koma ndili ndi munda ku Kasiya. Dobadoba wina akunditsatsa MF 290 imene akuti ndi "reconditioned", yofiira psuu, penti yatsopano. Ndingadziwe bwanji kuti ndi yabwino? — Mayi, Area 25

YANKHO: Mayi, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa thirakitala palibe chotchipa kuposa penti. MF 290 ndi mtundu wolimba, masipeya ake alipo, koma ena akamati "reconditioned" amatanthauza kuti aitsuka n'kuipopera utoto.

Pitani m'mawa osatchula ola, ndi makaniko amene mwamulipira inuyo. Yambani mwagwira injini. Ikakhala yofunda, ailiziratu kuti musaone mmene imavutira kulira. Yabwino imalira itangotembenuka masekondi ochepa. Kautsi kakuda poyamba si nkhani. Utsi wabuluu wosaleka ndiye kuti ikuwotcha oyilo, maringi atha. Woyera umene sukuleka injini itatentha ndiye kuti madzi akudutsa pa gasiketi, kapena manozo afa. Kapaipi kopumira ka m'mbali mwa injini kakamafuka ngati balani ya fodya, konzekerani kumasula injini yonse. Sololani kachitsulo koyezera oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, muli madzi.

Kolekani pulawo, muinyamule m'mwamba, muzimitse injini, mudikire. Ikatsika yokha pa mphindi zochepa, masilo a hayidiroliki atha. Za kilatchi, lowetsani giya yapamwamba, pondani mabuleki, muzimasula kilatchi pang'onopang'ono. Injini iyenera kuzima. Ikapitiriza kulira, kilatchi ikutsetsereka. Jekani kutsogolo mugwedeze tayala kuti mumve ngati mabelingi ndi mapini akugogoda. Wotchi ya maola musaikhulupirire, imasinthidwa. Onani mmene mapedulo aperesekera, ndi bowo la chitsulo chokokera thirela: likasanduka ngati dzira, yakoka zaka zambiri. Mukatero ilime ola lathunthu m'dothi lenileni, osati kuzungulira pabwalo, uku mukuyang'ana muvi wa kutentha ndi pansi pa mimba ngati pakudontha. Ndalama zituluke nambala ya pa thirakitala itafanana ndi ya pa mapepala.

FUNSO: Pa intaneti pali timathirakitala takale ta ku Japan, Kubota, Yanmar ndi Iseki, ta 20 hp. Kodi tingathandize pa maekala 10? — Mnyamata, Nsundwe

YANKHO: Achimwene, injini zake n'zabwino, koma tinapangidwira m'minda ya mpunga, kutipula matope ndi rotavator (makasu ozungulira). Ndi tatifupi ndi topapatiza. Mizere yathu ya masentimita 75 imafuna matayala otalikirana masentimita 150 kuti aziponda pakati pa mizere. Iti timaponda pamwamba, mimba n'kumakhula mzere. Tambiri tinali togulitsa ku Japan kokha, moti nambala yake simuipeza m'mabuku a masipeya a kuno. Kudimba la tomato ndi kabichi n'koyenera. Koma maekala 10 ndi mahekitala 4, ntchito ya maola 24 pa thirakitala yaikulu. Lipirani wahayala agalauze mu Meyi kapena Juni mutangokolola, dothi likadali ndi kachinyontho ndipo mzere wa odikira usanatalike.

FUNSO: Kalabu yathu inagula kale ya ku China ya 50 hp, yafika mwezi watha. Tichite chiyani kuti ikhalitse? — Mlembi wa kalabu, Mpingu

YANKHO: Alembi, yagulidwa yagulidwa, ndipo ikhoza kukutumikirani mukaisamala kuyambira lero. Isanalowe m'munda, makaniko adutse ndi sipanala pa mabauti onse, makamaka a matayala, a mikono ya kumbuyo ndi a chiwongolero, abwerezenso pakatha maola 10. Pa maola 50 oyamba khuthulani oyilo wa injini ndi wa giyabokosi, musinthe fyuluta, mutsuke kasefa ka hayidiroliki. Mupezamo tizidutswa ta chitsulo, mwinanso mchenga wa ku fakitale, zimene zikatsala zimadya pampu. Kuchokera apo, oyilo wa injini wa 15W-40 pa maola 250 alionse, kapena mocheperapo buku likatero. Girizi m'mawa uliwonse.

Mdani wamkulu ndi dizilo wa m'zigubu. Madzi ndi fumbi zimapha pampu ya dizilo ndi manozo, zomwe ndi zodula zedi. Dizilo agone usiku m'diramu kuti litsiro lidikhe, wa pansipansi musathire, ndipo ngati thirakitala ilibe kabotolo kolekanitsa madzi, ikanipo. Thanki muzidzaza madzulo kuti m'kati musachite mame. M'fumbi la Okutobala fyuluta ya mpweya izionedwa tsiku lililonse. Ya pepala muzigogoda pang'ono, osaitsuka ndi madzi. Zinyalala za mapesi zikatseka radiyeta, injini imawira.

Musaipatse pulawo ya madisiki atatu chifukwa aneba ali nayo. Ya 50 hp ndi ya madisiki awiri. Thirani madzi m'matayala a kumbuyo mpaka afike pa valavu ili pamwamba, pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Kuti mudziwe ngati ikupalasa, lembani choko pa tayala, muyeze mtunda umene layenda litazungulira kakhumi pulawo ili m'mwamba, kenaka pulawo ikulima. Mukapeza mamita 40 poyamba ndi 32 kachiwiri, ikutaya 20 peresenti. Onjezani zolemetsa kapena chepetsani kuzama mpaka kutayako kufike pakati pa 10 ndi 15 peresenti.

Dalaivala akhale mmodzi, ndi kope lolembamo maola, malita ndi munda wa yani. Thirakitala ya kalabu imene aliyense amakwerapo siitha nyengo ziwiri ili bwino. Ana asakwere pa madigadi, shafiti ya PTO ikhale yovindikira chifukwa imakola chitenje m'kuphethira kwa diso, ndipo chitsa kapena thirela zizikokedwa ndi chitsulo chokokera cha pansi, osati cha pamwamba, poopa kuti ingaime ndi matayala a kumbuyo n'kugudubukira chagada. Pa ndalama ya hekitala iliyonse yalimidwa, kalabu izipatula gawo la masipeya, n'kuitanitsa mu Juni kapena Julayi: mafyuluta a nyengo yonse, mafanibeluti awiri, mbale ya kilatchi ndi belingi yake, pampu ya madzi, manozo ndi masilo a hayidiroliki. Fyuluta yoyamba imene muchotse pa maola 50 musataye. Ipukuteni, mupite nayo ku Malangalanga, akakupezereni yofanana nayo mazinga ndi kukula kwa labala.