Sinner anali ndi ma match point atatu, lendi yanga inapita basi

Achimwene, mwafunsa za kubetcha pa tenesi ndi ma odds a 1.20, koma choyamba, amene akukugulitsani "sure odds" ya tenesiyo mublokeni lero lomwe, musamutumizire ngakhale K20. Tipster wanga ine, wogulitsa ma tip a kubetcha, anali wa pa WhatsApp, pa profile atatsamira galimoto yoti kaya ndi yake, ati ali ndi anthu ake mkati ku Europe. Ndinamulipira K150 pa mobile money kuti andipatse fainolo ya 2025 ya Roland Garros, mpikisano waukulu wa tenesi ku Paris, Sinner ndi Alcaraz, iye nkuti mudala ika zonse pa Sinner, Alcaraz watopa. Ndinaika K1,800, ya lendi ya nyumba ku Chilenje.

Gemu inayamba cha m'ma 15 hours, mu June nthawi ya Paris ndi ya kuno ndi imodzi. Tinali pa kabala kena kokhala ndi genset poti malaiti mukudziwa nokha, ndinachita kumunyengerera wa pa kauntala kuti asinthe chanelo. Sinner watenga seti yoyamba 6-4, yachiwiri pa tiebreak, ine ndayamba kale kugulira Mosi anthu osadziwa nkomwe kuti deuce nchiyani. Yachitatu yapita kwa Alcaraz, ndati palibe kanthu. Yachinayi Sinner akutsogola 5-3, Alcaraz akuseva ali 0-40, ma match point atatu abale anga, atatu, Sinner akangotenga point imodzi wawina gemu yonse! Cash out, ija yotulutsa ndalama gemu isanathe, pa foni ikundipatsa pafupifupi zonse, chala chili pa batani, ndamulembera uja kuti nditulutse? Wanditumizira voice note akuseka, ati ukuopa chani iwe, yatsala point imodzi chabe, usawasiyire ndalama. Alcaraz, mnyamata wa ku Spain uja, anapulumutsa onse atatu, nkuthyola seva ya Sinner, nkutenganso tiebreak, ine kuyang'ana foni yangolemba suspended, suspended, pobwera ndalama yatsika yoti sungalipire nayo ngakhale madzi. Seti yachisanu ndinaonera choimirira m'mimba mukuwotcha, anthu aja akumwabe mowa wanga nkumandifunsa kuti wathu ndi uti, mpaka Alcaraz kutenga tiebreak yomaliza 10-2. Maola 5 ndi mphindi 29, kenako kukagogoda kwa alandilodi ndi nkhani.

Pofika 22 hours uja anali atandibloka. M'mawa mwake mnzanga wa ku Kabwata akundionetsa screenshot, iyeyo anamuuza kuti aike pa Alcaraz! Ndiye bizinesi yake ndi imeneyo, theka la anthu amawapatsa uyu theka winayo, owina amamutamanda mu gulu, oluza amawabloka. Mbava yeniyeni, ndipo nambala amasintha ngati malaya.

Manje za 1.20 mwafunsazo. K100 imabweza K120, ndiye pa magemu 6 muyenera kuwina 5 kuti mungobwerera pomwe munali, phindu zero. Ndipo tenesi si bola, munthu ndi m'modzi, palibe sabu. Mwezi wotsatira ku Wimbledon Dimitrov anali patsogolo ma seti awiri kwa Sinner yemweyo, nkuvulala minofu ya pachifuwa, nkusiya gemu. Werengani malamulo a kampani yanu pa retirement, wosewera akasiya gemu pakati, ena amabweza stake ena amawerenga ngati seti imodzi yatha, musadzalire pa kauntala. Onaninso bwalo, clay ndi udzu ndi zinthu ziwiri, Nadal anawina Roland Garros ya pa clay ka 14 koma Wimbledon ya pa udzu kawiri kokha, ndipo Alcaraz anali atawina kale pa clay yomweyo mu 2024, tipster wanga sanatchule zimenezo. Ku Grand Slam, mipikisano ikuluikulu ngati Roland Garros ndi Wimbledon, amuna amasewera mpaka ma seti 5, wotsalira ali ndi nthawi yobwerera.

Koma cash out musamaithamangire kwambiri, apo mpomwe amatidyera, ine ndimadikira mpaka kumapeto. Ya lendi yokha ayi, ikani ya talk time. Weekend ino ndili ndi ka slip ka magemu anayi kooneka bwino, ofuna abwere ku inbox, ine sindilipiritsa.