Ma volt, ma amp ndi babu la achimwene a ku Dedza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Dedza. Akuti ali ndi batire la sola la 12 volt, analumikizako babu la indiketa ya galimoto kuti aziunikira pakhonde, mita yawo ya m'manja yoyezera magetsi ikuwerenga 1.75 amp. Akufuna adziwe kuti babulo likudya ma watt angati, resistance yake (momwe likukanizira magetsi kudutsa) ndi ma ohm angati, komanso chawazunguza mutu n'choti akaliyeza lili lozima mita ikupereka kanambala kosafika ndi 1 ohm yomwe, nde akuganiza kuti mitayo yafa.

Achimwene, mita yanu ili bwinobwino, musaitaye.

Tiyambe ndi masamu ake, ndi awiri basi. Ma volt ndi mphamvu yokankha magetsi, ma amp ndi kuchuluka kwa magetsi omwe akudutsa mu waya, ma watt ndi mphamvu yomwe chinthu chikudya. Mukafuna ma watt, mumataimusa ma volt ndi ma amp. 12 kutaimusa 1.75, yankho 21 watt, ndipo mukayang'anitsitsa pa kachitsulo ka m'munsi mwa babulo mupeza analemba 21W pomwepo. Mukafuna ma ohm, mumagawa ma volt ndi ma amp, 12 kugawa ndi 1.75 ikubwera pafupifupi 6.9 ohm. Lachiwirili ndi lamulo la Georg Ohm wa ku Germany, analitulutsa mu 1827, dzina loti ohm likuchokera kwa iyeyo. Batire likakhala lodzadza limawerenga cha m'ma 12.6, nde manambala anu akasuntha pang'ono musadandaule.

Nanga bwanji mita ikukana 6.9? Kawaya kopyapyala kali mkati mwa galasi kaja ndi ka tungsten, babu likayaka kamatentha kupitirira madigiri 2000, ndipo chitsulo chikatentha resistance yake imakwera, kwa tungsten imakwera kakhumi ndi kupitirira. Inu mukuyeza kali kozizira nde mukupeza theka la ohm kapena chapompo, pomwe 6.9 ija ndi ya pamene kafiira. Manambala onse awiri ndi oona. N'chifukwa chakenso mababu akale aja ankakonda kupsa nthawi yomwe mwangodina switchi, kawaya kakadali kozizira magetsi amalowa ambiri nthawi imodzi.

Koma ndikuuzeni zoona, babu limenelo likukudyerani batire. Maola 5 usiku uliwonse ndi 8.75 Ah imeneyo (Ah ndi ma amp kutaimusa maola). La LED la 3 watt limakoka 0.25 amp basi, maola omwewo 1.25 Ah. Sinthani chonde.

Pali china chomwe simunafunse koma mtima wanga sungakhale m'malo ndikapanda kuchinena, chifukwa masamu omwewa ndi amene amapulumutsa nyumba ku moto. Ingowatembenuzani: ma watt kugawa ndi ma volt, mupeza ma amp. Ketulo ya 2000 watt pa magetsi a ESCOM a 230 volt imakoka 8.7 amp, ikayaka theka la ola yamaliza yunitsi imodzi. Ketulo yomweyo muilumikize pa inveta (chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM) ya batire la 12 volt, mbali ya batire ikufuna 167 amp, osawerengera zomwe inveta imataya yokha. Ntchito yofanana koma ma amp achuluka pafupifupi ka 20, nde wina amatenga waya wa sipika n'kulumikizira inveta, kenako akudabwa fungo la pulasitiki m'nyumba monse. Waya amatenthedwa ndi ma amp, ndipo kutenthako kumayenda motere: ma amp kutaimusa ma amp kutaimusa ma ohm a wayayo. Ma amp akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi.

Ine ndinazionera kwathu komwe. Ketulo ndi simbi ya 1200 watt zonse pa ekisitenshoni imodzi, 3200 watt, mukagawa ndi 230 ndi pafupifupi 14 amp, pomwe fyuzi ya m'mapulagi athu a mano atatu aja yaikulu kwambiri ndi ya 13 amp. Ndipo mu pulagimo munalibenso fyuzi yeniyeni, wina anali atakulungamo kawaya fyuzi itapsa kale. Ndinapeza pulagi yachita kufewa ngati phula, pa soketi pada bii, chingwe chosagwirika ndi dzanja, ana akusewera pamkeka pafupi pomwepo. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsemwe.

Pomaliza za mita yanuyo. Ma volt mumayeza pogunditsa nsonga ziwiri uku ndi uku kwa batire kapena babu. Ma amp ayi, mumamasula waya mbali imodzi kuti magetsi adutse mkati mwa mita, ndipo waya wofiira mumusamutsire pa bowo lolembedwa 10A. Mukamaliza mubwezereni pa bowo la V nthawi yomweyo, chifukwa mukaiwala n'kugunditsa pa mitu ya batire ali pa 10A ndi shoti imeneyo, mita kapena fyuzi yake itha kupsa pompo, ndipo pa soketi ya m'nyumba mutha kuvulala. Ma ohm yezani babu mutalichotsa pa batire. Mukagula la LED lija mundilemberenso ma amp omwe mwapeza tiwerengere limodzi.