Kodi tilembe kuti "amachiza" kapena "angachedwetse"?

Funso: Ndimakonza nkhani za umoyo pa wailesi ina ya m'dera. Ndinalemba kuti "mankhwala a BP amachiza kulimba kwa chiwindi malinga ndi kafukufuku wa pa nyama," koma mkonzi wanga anakana chiganizochi. Kodi ndinalakwitsa pati?

Yankho: Mkonzi wanu anachita bwino, ndipo ndiyambira pa mawu akuti "kulimba." M'Chichewa chinthu cholimba nthawi zambiri chimakhala chabwino, monga timanenera kuti mwana walimba kapena kuti munthu ndi wolimba mtima, choncho womvera angaganize kuti chiwindi cholimba ndi chathanzi. Zimene madokotala amanena ndi zipsera. Chiwindi chikamavulala mobwerezabwereza chifukwa cha mowa monga kachasu, kachilombo ka hepatitis B kapena likodzo la m'matumbo, pamene panavulalapo pamapangika mnofu wouma wosagwira ntchito, monga mmene khungu limachitira pamene munthu anapsa ndi moto. Lembani kuti "zipsera za m'chiwindi," ndipo agogo akumudzi adzamva popanda kufunsa.

Mawu akuti "mankhwala a BP" ndi amene anthu amagwiritsa ntchito pachipatala, ndipo sindikuwatsutsa, koma mankhwalawa alipo a mitundu yambiri. Amene akukambidwa apa ndi monga losartan, candesartan, captopril ndi perindopril, omwe amafooketsa mphamvu ya angiotensin II, chinthu china chimene thupi limapanga lokha. Angiotensin II imapanikiza mitsempha ya magazi, komanso imadzutsa maselo ena a m'chiwindi amene amapanga zipsera. M'chaka cha 2001 ofufuza a ku Nara Medical University ku Japan anaonetsa kuti makoswe opatsidwa candesartan kapena perindopril anali ndi zipsera zochepa poyerekeza ndi amene sanapatsidwe. Tchulani dzina la mankhwala. Tchulaninso makoswe, chifukwa mawu akuti "nyama" ndi otakata kwambiri, ndipo kwa ambiri amakumbutsa ndiwo.

Cholakwika chimene chandidetsa nkhawa kwambiri chili pa mneni. Kamphatikiramkati "-ma-" mu "amachiza" kamasonyeza chinthu chochitika nthawi zonse komanso chotsimikizika, pamene "-nga-" kamasonyeza chotheka chabe. Komanso kuchiza ndi kuchotseratu matenda, pamene mwa makoswe aja zipsera zinkangochepa kapena kuchedwa kuchuluka. Taganizirani bambo wodwala chiwindi amene wamva "amachiza" pa wailesi, n'kutenga mapiritsi a mkazi wake m'kabati. Kwa munthu amene chiwindi chake chaonongeka kwambiri mpaka mimba kudzaza madzi, mankhwala a mtundu umenewu angatsitse BP mopitirira muyezo ndi kuvulaza impso.

Ine ndikanalemba motere: "Kafukufuku wa pa makoswe wasonyeza kuti mankhwala ena a BP, monga candesartan, angachedwetse kuchuluka kwa zipsera za m'chiwindi, koma asamwedwe popanda malangizo a dokotala."