Kwa achimwene amene mukuti mafunso anu sayankhidwa muno

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mukaponya funso mu gulu muno anthu amangowerenga nkudutsa, pomwe anzanu akafunsa makomenti amagwa mpaka mawa. Ndaiona post yanu ija, munangolemba kuti "nkhuku zanga zikufa nditani" basi. Ndiye munthu ayambira pati pamenepo? Ndi zachikuda, mikolongwe kapena ma broiler? Zili ndi masabata angati, zilipo zingati, zafa zingati, katemera wa chitopa ndi wa Gumboro munapereka?

Chifukwatu nkhuku ikamapinda khosi, kupuma mobanika, zitosi zobiriwira nkumafa zambirimbiri masiku ochepa, woweta aliyense akuuzani kuti chitopa chimenecho, ndipo chilibe mankhwala, kwatsala nkupatula zodwala, kukwirira zakufa, ulendo wina osaphonya katemera wa Lasota kapena I-2 uja wodontheza m'diso. Koma ngati ndi anapiye a masabata atatu kapena anayi, zitosi zili ndi magazi, mapiko agwa, pamenepo tiganiza za matenda a coccidiosis, mugule mankhwala a amprolium nkuchotsa utuchi wonyowa uja m'khola. Matenda awiri osiyana kutalitali koma onse akukwana mu funso lanu lija, nde amene amadziwa zinthu amangokhala chete kuopa kukuphetsani ziweto, otsala ndi aja a "mwetsani aloe vera" pa chilichonse.

Nenaninso komwe muli. Wina akafunsa mbewu yabwino ya chimanga osatchula dera, uyu ati Kanyani uyo ati Njobvu, onse akunena zoona, koma Kanyani amacha msanga, ngwabwino kumene mvula imadula msanga ngati ku Balaka kapena Chikwawa, pomwe Njobvu imafuna mvula yokhalitsa. Kungotchula boma mwachotsa kale mayankho osakukhudzani.

Chithunzi chithandiza, koma jambulani masana pafupi, zitosi zomwe, musachite manyazi. Ma voice note a mphindi zisanu aja ayi ndithu, anthu bandulo ndi yowerengera ndipo ena ali mu minibasi sangamvere. Lembani zomwe mwayesa kale ndi ndalama yomwe muli nayo, kuti asakutumizeni ku mankhwala amene munagula kale dzana.

Aja ongoti "inbox" musawathamangire, yankho labwino limaperekedwa poyera kuti likakhala labodza ena alitsutse, ku inbox nkumene anthu amatumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba katundu osafika.

China chomwe chimatigwetsa ulesi ife oyankha, munthu wathandizidwa nkusowa osabweranso kudzanena ngati zinatheka. Tikamuonanso akufunsa timangodutsa. Ndiye lembaninso funso lija ndi zonsezi, makamaka madzulo anthu ataweruka, ndipo ngati zikufabe lero musadikire ife, pitani kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi (EPA) ya kwanuko mmawa.