Ndakhoza MSCE koma fizi kulibe: ndigogode khomo liti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Songani. Mwachidule akuti: "Achemwali, ndakhoza Fomu 4 ndi mapointi 15. Bambo anamwalira, mayi amagulitsa tomato pamsika. Ndikufuna sikolashipu, makamaka yakunja. Pagulu lina la WhatsApp munthu wina akuti timutumizire ndalama yolembetsera pa foni kuti atipezere malo ku Canada. Nditumize? Nanga ndiyambire pati?"

Mng'ono wanga, usatumize. Ngakhale tambala. Bungwe lopereka thandizo la maphunziro silitolera ndalama panambala ya munthu ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo sililonjeza malo lisanaone n'komwe satifiketi yako. Pamene pali ndalama yolipira pofunsira malo, monga m'mayunivesite athu, imapita kuakaunti ya bungwelo yomwe yalembedwa m'chilengezo chake, ndipo umatsala ndi lisiti m'manja. Ya tomato ija ikhale kwa mayi.

Tsopano za kunjazo. Sindikufuna kukugwetsa ulesi, koma pali zomwe anthu sauzana. Maina otchuka omwe anzako amatumizirana, monga Chevening ya ku Britain ndi Beit Trust, ndi a anthu amene ali kale ndi digiri yoyamba ndipo akufuna yachiwiri. Chevening imafunanso kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri. Ndaona ana akutha mabandulo kudzaza mafomu omwe sakanawayenera ngakhale akanakhoza ndi mapointi 6. Chinanso, mayunivesite ambiri akunja MSCE yathu amaiyika pamlingo wa O-Level, choncho amafuna A-Level, yomwe ndi mlingo wotsatira wa maphunziro akusekondale, kapena umboni woti wayambapo kale maphunziro apamwamba. Makomo alipo ndithu. Mastercard Foundation Scholars Program imathandiza ophunzira a ku Africa osauka koma anzeru, ndipo umafunsira kudzera kuyunivesite zomwe zili m'pulogalamuyo, monga Ashesi ya ku Ghana, osati kwa munthu wapakati. Boma la Türkiye (Turkey) limatsegula mafomu a masikolashipu ake pa intaneti kumayambiriro a chaka, ndipo kulembetsa n'kwaulere. Maboma a India ndi Japan nawo amalengeza kudzera kwa akazembe awo ku Lilongwe. Yesa ndithu, koma dziwa kuti kumeneko ukupikisana ndi dziko lonse lapansi.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Iwe ukukhala pakati pa sukulu ziwiri zazikulu: University of Malawi (UNIMA), yomwe ambirife timaitchabe Chanco, ili kuno ku Chirunga, ndipo Domasi College of Education ili pafupi ndi kwanu, mtunda woti kabaza akufikitsa. Ndi mapointi 15, bola ngati uli ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, uli pampikisano. Kusankhira ana kumayunivesite aboma kumayendetsedwa ndi National Council for Higher Education, NCHE, ndipo fomu imodzi imakulola kusankha maphunziro ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni. Apa ndi pamene ana ambiri anzeru amadzipweteka okha. Amadzaza mizere yonse ndi maphunziro omwe aliyense akuwalimbirana, ena osaona n'komwe kuti akufunika magiredi otani m'masamu kapena sayansi. Werenga zofunika pa phunziro lililonse, uyerekeze ndi zomwe unapeza, ndipo pamzerewo pakhale ena omwe ukudziwa kuti mwayi ulipo.

Mwina ukuti, fizi yake ndiitenga kuti ndikasankhidwa? Dongosolo lake ndi loti malo amayamba, thandizo limatsatira. Pafupifupi aliyense wopereka thandizo amafuna aone kaye kuti sukulu yakutenga. Ukapeza malo, khomo loyamba ndi la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe ophunzira amangoti Loans Board. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 ndipo limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa: za fizi, za mabuku ndi zodyera. Imeneyi ndi ngongole, si mphatso, udzabweza ukamaliza sukulu. Ena kumudzi adzakuopseza kuti ngongole ndi yoipa. Ine ndimati ngongole ya katapila ndiye yoopa, koma iyi ndi yomwe yaphunzitsa anthu ambiri omwe ukuwaona pantchito lero. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, ndipo ena amalandira gawo chabe la zomwe anapempha, ndiye fomu yake uidzaze mofatsa, moona, ndi umboni wonse wa mmene zinthu zilili pakhomo panu.

Za umbonizi ndikhalepo pang'ono, chifukwa zinandionetsa zakuda ine mwini. Chaka chomwe ndinkafunsira thandizo, dzina langa pasatifiketi linali ndi chilembo chimodzi chosiyana ndi lomwe linali pamapepala ena. Chilembo chimodzi basi. Kuofesi ina anandibweza katatu, lero bwana kulibe, mawa chidindo chatsekeredwa m'kabati, mpaka tsiku lotsekera linandipitirira. Ndinakhala pakhomo chaka chathunthu ndikuthandiza azakhali kugulitsa kaunjika. Ndiye lero lomwe tenga chiphaso chako chaunzika cha NRB uchiike pambali pa kalata ya zotsatira za MANEB, uone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana. Funa chikalata cha imfa ya bambo ngati palibe. Pita kwa ahedi akusukulu yako ukapemphe kalata yokuchitira umboni akadakukumbukira nkhope, ndiponso kwa amfumu ndi kwa abusa kapena ashehe. Zonsezi uzichite fotokopi, uzijambulenso bwinobwino n'kuzitumiza ku imelo yako yomwe, chifukwa foni imabedwa ndipo mapepala amanyowa ndi mvula ya kuno ku Zomba. Imeloyo ikhale ya dzina lako lenileni, osati maina aja a pa Facebook.

Kwina kogogoda ndi kwa anthu okudziwa. Mipingo ndi mizikiti ina ili ndi thumba lothandiza ana asukulu, koma sililengezedwa pawailesi, amamva ndi amene wafunsa. Kaonekere kuofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC. Ngati CAMFED, bungwe lothandiza atsikana pa maphunziro, inakulipirirapo kusekondale, usataye kulumikizana nawo. Ukalowa pasukulu, ofesi yoona za umoyo wa ophunzira ndi yomwe imadziwa za mabanki, makampani ndi magulu a omwe anaphunzirapo kale amene amathandiza ana ovutika. Dzina lako likalembedwe kumeneko sabata yoyamba, osati mayeso atayandikira.

Akakuuza kuti ulembe kalata yofotokoza za iwe, usakopere ya pa intaneti, ndipo usangolira. Owerengawo aona makalata ambirimbiri oyamba ndi "ndine mwana wamasiye wosauka". Lemba zomwe wina sangalembe: kuti unkadzuka m'bandakucha kuthandiza mayi kuyala tomato, n'kuthamangira kusukulu, koma masamu unakhoza, kuti ukufuna kuphunzira chakuti, pa chifukwa chakuti. Mphunzitsi wako wa Chingerezi aiwerenge usanatumize.

Werengeranso zomwe fizi siikhudza. Malo ogona pasukulu ndi ochepa, ophunzira ambiri a ku Chanco amachita lendi ku Chikanda ndi madera oyandikira, ndipo njala ndi yomwe imabweza ana ambiri kumudzi ngakhale fizi italipidwa. Iwe uli ndi mwayi womwe wa ku Chitipa alibe: ufa ndi ndiwo zikhoza kumachokera kwanu. Khala pansi ndi mayi ndi amalume muwerengere lendi, thiransipoti ndi sopo wa pamwezi, kuti popempha thandizo uzitchula chinthu chodziwika.

Dzina likapanda kutuluka ulendo uno, usathamangire kubwereza Fomu 4 ndi mapointi abwino chonchi. Yang'ana zilengezo za TEVETA za makoleji a ntchito zamanja, monga Nasawa ku Magomero, komanso za makoleji a uphunzitsi ndi a zaumoyo. Undilemberenso undiuze magiredi a phunziro lililonse, makamaka masamu ndi sayansi, tione limodzi zoti udzaike pafomu ya NCHE ija.