Linki nayonso izipereka malonje

Mdzukulu wanga wa ku koleji wandilembera kuti agogo, ndikalowa Facebook pa kompyuta ya ku laibulale Chrome imandifunsa ngati isunge pasiwedi yanga, ndivomere? Ayi mwanawe usavomere, ndipo ukamaliza uzipanga log out, kungotseka tsamba sikutuluka ayi. Ukafuna dina Ctrl, Shift ndi N pamodzi itsegule ija amati Incognito, ukaitseka siisunga komwe unayenda pa kompyutapo ngakhale eni netiweki atha kuonabe. Zimenezo nzapafupi usade nkhawa. Koma ine ndimadikira undifunse china, choti meseji kapena linki ikafika pa foni pako umayamba waifunsa malonje kodi?

Kwathu ku Ntcheu mlendo amaima pabwalo nkunena odi, ife ana kuthamanga kukalandira katundu, wina kuyala mphasa pakhonde wina kukatunga madzi akumwa mchikho. Moni amaperekedwa mmodzimmodzi mpaka onse athe, kenako nde malonje, wanyamuka liti, wadzera njira iti, kumudzi wasiya ali bwanji, mvula yagwa bwanji kumeneko, wamutuma ndani. Amayi amamvetsera uku akutong'ola chimanga mlichero ngati sizikuwakhudza koma palibe liwu limawadutsa. Ngakhale uthenga wa zovuta, amithenga amayamba afika kwa amfumu, munthu sumangoyamba kulira usanadziwe kuti amene wanenayo ndi mwana wa yani.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wovala jekete labwino, akuti watumidwa ndi amalume amene anali ku migodi ku Joni, ati adwala nde tigulitse mbuzi ziwiri iye akawapatsire ndalamazo. Abambo sanamukanize ayi, anamuyalira mphasa bwinobwino nkumufunsa modekha kuti achimwenewo mwendo umene amatsimphina uja ukupeza bwanji masiku ano. Iye nkuyankha kuti ukupezako bwino. Amalume sanatsimphinepo chibadwire. Abambo anangoti dikirani tiitane amfumu amve nawo, munthu uja anapempha kokataya madzi ndipo mpaka lero sanabwerere, chipewa chake chinakhala pa msomali chaka chathunthu.

Nde munthu yemwe uja ndi amene akulowa mmafoni mwanumu, kungoti jekete anavula. Meseji ikuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, ina ikuti ndatumiza molakwika chonde bwezani, inu mtima phaa kutumiza osayamba mwaona kaye balansi, chonsecho pa Airtel Money ndi *211# pa Mpamba ndi *444#, mphindi imodzi siikwana. Wina akulemba pa WhatsApp ndi nambala yachilendo kuti ndine mchemwali wako foni yanga yatayika ndili kuchipatala, imba nambala yakale ija umve mawu ake, kapena mufunse chinthu choti wakubanja yekha ndi amene angadziwe ngati anachitira abambo. PIN yako ngakhale woimbayo anene kuti ndi wa ku kampani ya foni usamuuze, chimodzimodzi manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa meseji aja, ukapereka amenewo akaunti yapita ndipo ayamba kupempha ndalama abale ako onse mdzina lako. Lamulo loletsa umbava wa pa intaneti lilipo kuyambira 2016 koma ndalama ikatapidwa kwa ejenti kuibweza nkovuta.

Linki nayonso ili ndi kwawo. Usanalembe pasiwedi yang'ana pamwamba pa browser, pulogalamu yotsegulira masamba ngati Chrome ija, pomwe pamalembedwa adiresi, ngati ndi facebook.com iwerenge chilembo chimodzichimodzi chifukwa akathyali amasintha kamodzi kokha kapena kuwonjezera mawu kutsogolo, tsamba lake nkumaoneka lofanana ndendende. Ka https kaja ka kumayambiriro kwa adiresi kamangotanthauza kuti zomwe ukulemba sizikuonedwa panjira, sikakuuza kuti mwini nyumbayo ndi wachilungamo. Zija za bando yaulere tumizani kwa anthu 10 zisiye, ndipo browser ikapempha update uziilola, kumakhala kumata ming'alu yomwe mbava zaipeza.

Chimene chimandiwawa nchoti ana inu mumaona ngati kufunsa munthu kuti ndinu ndani ndi mwano kapena uchimidzi, mwazolowera zachanguchangu, ngakhale mukabwera kuno mumangolowa mpaka kuchipinda maso ali pa foni, odi osamveka, ndikakufunsani za ulendo yankho lake bhobho basi. Sindikukalipa ayi, mwina ife tomwe sitinakukhazikeni pamphasa mokwanira. Safunsa anadya phula paja.

Ukabwera pa holide udzandiikire two-step verification, loko wachiwiri wotetezera akaunti uja, pa WhatsApp yanga ndi ya agogo ako aakazi, maso anga tizilembo tating'onoto sakutiona bwino. Mphasa ija ilipo, udzayambe wandiuza za ulendo wako kuchokera pa depoti.