Geni ya sola kudzera pa boda ya Dedza: kuyankha achemwali a ku Nsipe

Achemwali, mukuti gulu lanu la banki nkhonde lagwirizana zochepetsa makala ndi matochi a mabatire otaya, ndipo akusankhani inu kuti muziwaodera nyali za sola, mapanelo ndi masilinda a gasi. Mwafunsa kumene timamutenga katunduyu, zomwe zimachitika pa boda, komanso ngati muli phindu.

Pafupifupi katundu yense wa sola amachokera ku China, ife timangomutsatira kumene watsikira. Anzathu a kumpoto amathamangira ku Kariakoo, ku Dar es Salaam. Ife a kuno ndi a ku Joni: basi imatulukira pa Dedza, kudinditsa pa Calomue, boda ya mbali ya Mozambique, kudutsa Angonia, Moatize, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Nyamapanda, Beitbridge mpaka Johannesburg. Ulendowu umadya ndalama musanagule ngakhale babu limodzi, ndipo msewu sukhala wotseguka nthawi zonse. Zipolowe za ku Mozambique chisankho cha October 2024 chitachitika zinakhazika pansi ambiri a ife. Mpamba wa banki nkhonde ndi waung'ono, ndiye ine ndingati yambani kuoda ku Lilongwe kwa omwe ali ndi ziphaso kale. Boda mudzaiphunzire makasitomala atachuluka.

Mumva anthu akuti sola salipira msonkho. Zoona zake n'zoti mu 2019 boma linachotsa VAT pa mapanelo, mabatire a sola, ma invata (osintha magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM), gasi wophikira ndi masilinda ake. Koma mapepala sanachotse. Katundu mumamuonetsabe kwa a MRA, ndi invoisi yolembedwa bwino chinthu chilichonse ndi dzina lake. Pa nkhani ya msonkho, batire la galimoto si batire la sola, ngakhale kumudzi timaligwiritsa ntchito imodzimodziyo. A MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, amayang'ana ngati katundu ali wovomerezeka, ndipo woitanitsa ndi kugulitsa zipangizo za sola kapena gasi amayenera kukhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi. Malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti, choncho kafunseni ku ofesi ya MRA musananyamuke, osati kwa kondakitala. Ena adzakuuzani za STR ya COMESA, ija yopeputsa mapepala kwa a geni zing'onozing'ono. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a m'bungwe la zamalonda la COMESA, panelo la ku China mulibe, ndiponso Mozambique inatulukamo kalekale m'bungweli.

Za njira zozemba mukuzidziwa kale, sindingakubiseni. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, ukangodumpha phula uli ku Mozambique, ndipo ku Tsangano n'chimodzimodzi. A kabaza amaolotsa chilichonse. Kachewere ndi kabichi zimadutsa choncho chiyambire makolo athu. Koma ndalama ya gulu musaiike pamenepo. Katundu akalandidwa, amayi makumi awiri adzakhala pakhonde panu m'mawa, ndipo simudzakhala ndi pepala lowaonetsa.

Chimene chimapha geni imeneyi kwenikweni ndi kwacha. Inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anakongoza katundu pa mtengo wakale analandira ndalama zawo zonse bwinobwino, koma atapita kukaoda anabwerako ndi katundu wochepa. Magulu amakonda kulipira pang'onopang'ono, ndipo n'zomveka. Inu muzitenga theka poyamba, yotsalayo isapitirire miyezi iwiri, ndipo mtengo muziuwerengera pa ndalama imene mudzaodere ulendo wamawa, osati imene munaodera dzulo.

Tsopano katundu wabodza, pamene pagona nkhani. Chomata cha kumbuyo kwa panelo chimalembedwa ndi aliyense. Mupeza kapanelo kokwana kukhwapa kolembedwa mawatsi 200, pamene la mawatsi 100 lenileni limatalika pafupifupi mita imodzi. Gulani kamita koyezera magetsi, muziyeza padzuwa pamaso pa wogulitsa. Panelo la mavoti 12 likakhala losalumikiza limaonetsa cha m'ma 20, komabe mavoti okha sakwanira, yezaninso ma ampu, chifukwa labodza limagwa pamenepo. Batire ndiye linyamuleni. La 100Ah la mtovu limalemera pafupifupi makilogalamu 30. Likapepuka ngati chigubu chopanda madzi, lisiyeni pomwepo. Wogulitsa wokana kuyeza musakangane naye, pitani shopu ina. Munthu mmodzi mukamugulitsa chabodza amangodandaula kunyumba kwake. Gulu limakumana sabata iliyonse, limalemba m'kaundula, ndipo nkhani imafika kwa amfumu ndi kutchalitchi tsiku lomwelo.

Pali china chimene ogulitsa ambiri sachikamba. Batire la mtovu limafa, kawirikawiri pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, msanga ngati pakhomo akulikama mpaka kutheratu usiku uliwonse. Likafa limatayidwa kuseri kwa khola, ana n'kumaliswa, asidi n'kulowa m'dimba. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Ine ndimachotsera pang'ono mtengo kwa amene wabweza batire lakale, n'kuwasonkhanitsa osaswa, kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Gulu lanu liike lamulo limeneli tsiku loyamba, ndipo kasungidwe kake kakhale kutali ndi ana ndi chitsime. Tikapanda kutero tithamangitsa utsi wa makala n'kulowetsa poizoni m'mudzi.

Kuti midzi ikuima pamodzi pa nkhanizi ine sizindidabwitsa. Aliyense wodutsa pa Moatize amaliona fumbi la malasha pamadenga ndi pamasamba a mitengo. Mu 2018 anthu oyandikana ndi mgodi wa malasha wa kumeneko, umene nthawi imeneyo unali wa kampani ya Vale, analowa okha n'kuimitsa ntchito chifukwa cha fumbi ndi kuphulitsa miyala. Mu 2012 mabanja omwe anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodiwo anatseka njanji ya malasha. Sanadikire munthu wochokera ku Maputo. Kwathu kuno, damu la Mpira linauma mu 2018, mipope ya ku Ntcheu ndi Balaka n'kuuma nayo, nkhalango ya Mvai itadulidwadulidwa. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima umenewo ndi umene unatigulitsira nyali zambiri kuposa kale. Zimandiwawa kunena choncho. Mlimi wa kachewere wa ku Tsangano alibe fakitale, alibe galimoto, koma mvula ikasokonekera woyamba kulira ndi iyeyo. Ku Golomoti, m'boma la Dedza lomweli, kuli mapanelo a mamegawati 20 ndi mabatire ake akuluakulu kuyambira 2022, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a ESCOM, ndipo nyumba yopanda waya imangowaonera patali. Makasitomala athu ndi amenewo.

Gasi ndiye ganizani kawiri. Silinda kugula n'kamodzi, vuto ndi kudzadzitsa. Ngati kodzadzitsira kuli kutali moti thiransipoti ikulingana ndi mtengo wa gasi, silinda ija isanduka mpando, mayi n'kubwerera ku makala. Pa zophikira, chitetezo mbaula ikuposa zonse zimene ndingakubweretsereni kuchokera kunja: ndi ya dongo, amaumba amayi a m'midzi momwemu, imadya nkhuni zochepa, ndipo siifuna boda kapena ndalama yakunja. Ine ndilibe phindu pamenepo, koma ndi momwe zilili.

Phindu pa sola lilipo, lochepa pa katundu mmodzi, lokhalitsa mukakhala ndi mnyamata wodziwa kulumikiza amene angabwererenso waya akavuta. Musanatulutse ndalama m'bokosi, aliyense m'gulumo alembe zimene akufuna kuyatsa kunyumba kwake: mababu angati, foni zingati, wailesi kapena TV, ndi maola angati usiku. Nditumizireni mndandandawo pa WhatsApp, tiwerengere limodzi kukula kwa panelo ndi batire la nyumba iliyonse.